Kagalasi pa Mng'alu

Mmisiri salanda chida m'dzanja la mmisiri mnzake. Lamulo limeneli silinalembedwe m'buku, koma aliyense amene amadya thukuta lake amalidziwa, ndipo a Levulo, amene anamangira anthu nyumba kwa zaka makumi anayi, ankalidziwa kuposa wina aliyense. Komabe m'mawa umenewo anatsomphola kanyundo m'dzanja la mwana wawo wamkazi n'kukaponya pabedi, mlendo ali chiimire pakhomo la chipinda.

"Makoma anga sagogodedwa ngati mavwende a pamsika," iwo anatero. "Ukufuna kumva chiyani? Ngati apsa?"

"Bambo, ndili pantchito."

"Pantchito m'nyumba imene unakwawiramo? Khoma ukulimenyalo ndi limene unkagwirira pophunzira kuyenda. Linakugwetsapo?"

Mwana wawoyo anatola kanyundoko. Anali munthu wamkulu, wa banja lake, ndipo ntchito yake inali yoyeza nyumba. Aliyense wofuna kugula nyumba yakale m'dera lawolo, limene linatsata gombe la mtsinje, ankayamba waitana iyeyo kuti aone maziko, denga, mapaipi ndi chinyezi cha m'makoma. Anthu anam'patsa dzina loti Gogoda, chifukwa ngakhale popita kocheza sankatha kudutsa khoma osaligogoda. Bambo akewo anthu anawatcha a Levulo, dzina la chida choonera ngati khoma lawongoka, pa chifukwa chofanana: ngakhale tebulo la eni ake ankaliyang'ana ndi diso limodzi kuti aone ngati lapendekeka.

Mlendo uja anali namwino, mayi wolera yekha ana aakazi awiri. Ndiye amene ankafuna kugula nyumbayo, popeza a Levulo ndi akazi awo anali ataganiza zokakhala kumtunda, pafupi ndi mwana wawo wamwamuna. Gogoda anali atamuuza poyera kuti nyumbayo ndi ya makolo ake, ndipo kunali bwino apeze woyeza wina. Namwinoyo anakana. Anati anafunsa anthu atatu, onse anatchula munthu mmodzimodzi, choncho woyeza wina sankamufuna.

"Bambo, tandithandizani tisunthe kabati ya zovalayi," anatero Gogoda.

"Kabati imeneyo sinasunthepo chifikireni. Imalemera."

"N'chifukwa chake ndikupempha amuna amphamvu."

Mayi ake, amene anaima m'khonde ndi makapu a tiyi, anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya amuna awo anameza kusekako. A Levulo anagwira kabatiyo mbali imodzi, pakuti kukana pamaso pa mlendo kukanaoneka ngati mantha. Kuseri kwake kunali mng'alu wochokera pangodya ya zenera, wotsika ngati masitepe motsata mizere ya njerwa mpaka pansi. Chipindacho chinali cha kumapeto kwa nyumba, mbali ya kumtsinje.

"Muno ndi mmene ndimaganiza kuti muzigona atsikana anga," anatero namwino uja chapansipansi.

"Azigona bwino ndithu, mayi," anayankha a Levulo. "Awo ndi makwinya chabe. Kuchipatala kwanuko mumagoneka nkhalamba chifukwa cha makwinya? Wang'ambika ndi pulasitala. Njerwa zili nganganga."

"Mwina n'zoona," anatero Gogoda. "Koma mng'alu wotsika ngati masitepe sindiuweruza ndi maso okha. Tiikepo kagalasi."

Imeneyi ndi njira ya amisiri akale. Amatenga kagalasi kopyapyala, kotalika ngati chala, n'kukamata ndi simenti mopingasa pamng'alu, nsonga ina uku, ina uko. Ngati khoma linakhazikika, kagalasiko kamakhala kathunthu. Ngati likuyendabe, ngakhale pang'ono bwanji, kamathyoka, pakuti galasi silidziwa kupirira ndipo silichitira munthu ulemu.

"Iwe ukundiuza ine za kagalasi?" anatero a Levulo. "Anakuphunzitsa ndani?"

"Inuyo, bambo."

"Ndiye ika. Ika khumi ngati ukufuna. Galu wamkota sakandira pachabe: ndati khomali lili bwino."

Anagwirizana kuti kagalasiko kakhale masabata atatu, kenako onse adzakumane kuti amve lipoti ndi kusainirana. Gogoda anakanda simenti pang'ono m'chitini, nakamata, n'kudinikiza mbali zonse ziwiri ndi chala chachikulu monga ankachitira nthawi zonse. Bambo ake anapukusa mutu.

"Taonani ntchito ya anthu a kusukulu. Chipande chosalazira simenti anachipangiranji? Ngati pamene papalasa nkhuku."

Sabata yoyamba itatha, Gogoda anapita kukaona. Anangosuzumira ali pakhomo, naona kagalasi kakunyezimira kathunthu, n'kubwerera kukamwa tiyi ndi makolo ake mokondwa. Pamenepa analakwitsa, ndipo n'koyenera kunena. Akanakhala m'nyumba ya munthu wina akanagwada n'kuyang'anitsitsa. Koma mtima ukalakalaka chinthu, maso amafulumira kuvomereza.

Sabata yachiwiri kunagwa mvula masiku awiri otsatizana, ndipo mtsinje unakwera mpaka m'mabango a kuseri kwa mpanda. Gogoda anabweranso, ulendo uno anagwada. Kagalasi kanali kathunthu. Koma simenti yake inali yosalala ngati mbale, m'mbali mwake modulidwa bwino, ndipo zidindo za chala chake panalibe. Anatulutsa kiyi wa galimoto n'kumulowetsa mumng'alu. Tsiku loyamba nsonga yokha ndi imene inkalowa. Lero kiyi analowa mpaka pakati.

Anakhala pabedi kwa kanthawi, kenako anapita kukhitchini kumene mayi ake ankakulunga makapu m'manyuzipepala n'kumawaika m'katoni.

"Mayi, m'chipinda cha kumapeto chija mumalowa ndani?"

"Iii, m'nyumba muno tilimo angati? Ine ndi maondo angawa ndingagwade pansi kumakasewera ndi simenti?"

"Sindinatchule za simenti, mayi."

Mayiwo anapitiriza kukulunga kapu imene anali ataikulunga kale.

"Bambo asintha kagalasiko kangati?" anafunsa Gogoda.

"Chimene ndinaona ine ndi kawiri." Anaika kapuyo pansi n'kutsitsa mawu. "Mwana wanga, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukaponya mwala uswa mkhate, ndipo tonsefe timamwera momwemo. Bambo ako sakufuna kubera munthu. Iwe ukuwadziwa. Nyumba za anzawo mumsewu uno zinang'ambika, ina mtsinje unadya khitchini yonse, koma iwo amayenda mutu uli m'mwamba chifukwa yawo ili chiimire. Ana anachoka, mphamvu zinatha, maso akuchita mdima. Ukawalanda chimenechi atsala ndi chiyani? Tsamba likagwa, manyazi amagwira mtengo."

"Nanga khoma likagwa limagwira ndani, mayi?"

Mayiwo anatembenukira kusinki n'kutsegula mpopi, ngakhale munalibe chotsuka.

A Levulo anali kuseri kwa nyumba, atakhala pampando wawo wachitsulo, akupaka mafuta zida zimene sanazigwiritse ntchito kwa zaka zambiri. Sanadzutse mutu.

"Kagalasi kako wakapeza bwanji?"

"Kokongola kuposa mmene ndinakasiyira."

"Ndiye kondwera."

"Zala zanga zapita kuti, bambo? Simenti ija yasalazidwa ndi chipande choyenda kuchokera kumanzere. M'dera lonse lino womanga wamanzere ndi mmodzi."

"Ndinangokonza ntchito yako yonyansa. Unkafuna alendo aziona zopalasapalasa zija m'nyumba mwanga?"

"Pamene munkakonzapo, kagalasi kanga kanali kathunthu?"

A Levulo anapukuta chipande ndi sanza, nachitembenuza, n'kuchipukutanso.

"Mwana iwe, ukundizenga mlandu pabwalo panga?"

"Ayi, bambo. Ndabwera kwa inu ndekha, osati ndi anthu, chifukwa ndinu bambo anga. Madzi saiwala khwawa. Mtsinjewu ukudya dothi pansi pa ngodya ija, ndipo inu mukudziwa kuposa ine. N'zotheka kukonza. Akumbe, athire maziko ena pansi pa akalewo, khoma liima. Tiwauze a namwino zoona, asankhe okha."

"Tiwauze kuti nyumba ya Levulo ikumira? Kuti mawa pamsika azikati, uja ankatinyoza makoma athu, yake yomwe yagwada? Iwe udzalemba kuti kagalasi n'kathunthu. Kodi si kathunthu? Bodza lili pati pamenepo?"

"Mawuwo ndi oona, koma wowamva adzanamizidwa. Munkatiuza ndinu kuti womanga wobisa njerwa yosweka m'kati mwa khoma ndi mbala, ngakhale asanatole kanthu ka munthu."

"Usandibwezere mawu anga ngati ndine mwana wa sukulu!"

"Pepani, bambo." Gogoda anagwada pambali pa mpandowo, pakuti anali woleredwa bwino, koma mawu ake sanagwade. "Dzina lanu sindidzalitchula. Zimenezo si zanga. Koma ndidzanena kuti kagalasi kali pakhomapo si kamene ndinaika, ndipo sindidzasaina kuti nyumbayi ili bwino."

A Levulo anamuyang'ana koyamba chiyambire kulankhula.

"Ukadzatero, kumene tikupitako usadzapondeko. Wondifunsa ndidzamuuza kuti ndinabereka mwana mmodzi."

Sabata yachitatu inamulemera Gogoda. Anayeza nyumba zina ziwiri, nakwera m'madenga a eni ake, koma maganizo ake anali pa ngodya imodzi ija. Analingalira zoimbira foni namwino uja n'kumunong'oneza kuti angosiya nyumbayo popanda kufunsa chifukwa. Njira imeneyo ikanapulumutsa ana awiri ndi ulemu wa bambo ake pamodzi. Koma ankadziwa kuti pakanabwera wogula wina, ndi woyeza wina amene sasuntha makabati, ndipo m'chipindamo mukanagona ana ena amene iye sakanawadziwa nkhope. Analemba lipotilo katatu, ndipo katatu konse linatuluka chimodzimodzi.

Tsiku lokumana, pabalaza panadzaza. Panali namwino ndi ana ake, mchimwene wake wa Gogoda amene anabwera ndi lole yodzanyamula katundu, aphunzitsi opuma ntchito a nyumba yoyandikana amene anaitanidwa kuti akhale mboni, ndi anansi ena amene anabwera kudzatsanzika koma makutu ali tcheru. Panalinso ejenti wogulitsa nyumba, mnyamata wa nsapato zosongoka, amene anali atayala kale mapepala patebulo. A Levulo anavala jekete, tayi ndi chipewa, n'kukhala pampando wawo ngati woweruza.

Atsikana a namwino anathamangira kuchipinda cha kumapeto, ndipo mawu awo ankamveka pabalaza ponse.

"Ine ndizigona kukhoma!"

"Ayi, kukhoma ndi kwanga, ndine wamkulu!"

Anthu anaseka. A Levulo sanaseke. Gogoda anaona dzanja lawo lamanzere likufinya bondo.

Gogodayo anaimirira n'kuyamba kuwerenga lipoti lake. Anati denga ndi lolimba, matabwa ake alibe chiswe, mapaipi ndi akale koma sakudontha. Anati pa zaka zonse zimene wayeza nyumba sanaonepo njerwa zoyalidwa mowongoka chotere, ndipo aphunzitsi aja anagwedeza mutu n'kuyang'ana a Levulo mowayamikira. Kenako anatembenuza tsamba.

"Pa khoma la kumtsinje pali mng'alu umene wakula m'masabata atatuwa. Kagalasi kali pamenepo n'kathunthu, koma si kamene ndinaika ine. Choncho umboni wake sindiulandira. Sindingasaine kuti chipinda chimenechi n'choyenera kugonamo munthu kufikira maziko ake atakumbidwa ndi kuonedwa."

Mayi ake anaphimba pakamwa ndi dzanja. Namwino anaitana ana ake kuti atuluke m'chipindamo msanga.

Ejenti uja anaseka. "Pepani, mayi, tisasokonezane. Tonse talowa muja, kagalasi takaona ndi maso athu. Mukuti kasinthidwa. Wasintha ndani? Mizukwa?"

"Sindinabwere kudzatchula anthu. Ndinabwera kudzayeza nyumba."

"Achemwali, mwatichititsa manyazi," anatero mchimwene wake. "Ngati muli ndi chifukwa ndi bambo, bwanji osakambirana kuseri? Mpaka pamaso pa anthu?"

"Mwamva, a namwino?" ejenti anapitiriza, ataona kuti wapeza womuthandiza. "Izi ndi nkhani za m'banja, si za khoma. Ndipo kunena zoona, timagalasi tomata ndi simenti, masiku ano? Ine ndagulitsa nyumba zambiri, sindinaonepo masewera otere. Kaya anawaphunzitsa ndani. Munthu sakudziwa ngakhale galasi limene anamata yekha, ndiye angadziwe za maziko? A Levulo, pepani kwambiri, bambo. Mawa ndibwera ndi woyeza weniweni, wa makina, asaine tithane nazo."

Gogoda anaima chilili, lipoti lili m'manja, osadziteteza. Mawu amodzi okha akanamuyeretsa, ndipo mawuwo anali pamlomo pake. Anawameza. Anansi anayamba kunong'onezana, ena akumuyang'ana ngati mwana wosalera makolo.

A Levulo anadzuka pang'onopang'ono. Anthu anaganiza kuti akupita kukamutulutsa, koma anadutsa pafupi naye n'kulowa kuchipinda kwawo. Anatulukako ndi chitini chakale chosungiramo misomali. Anakankhira pambali mapepala a ejenti, natulutsa m'chitinimo timapepala titatu topindidwa bwino, n'kutitambasula patebulo kamodzikamodzi. Pa kalikonse panali kagalasi kothyoka pakati, ndipo pambali pake panalembedwa tsiku ndi pensulo ya mmisiri.

"Mnyamata iwe," anatero poyang'ana ejenti, "wafunsa kuti anamuphunzitsa ndani. Ndine. Njira imene ukuitcha masewerayi yandigwira ine katatu, ndipo makina akowo sakanandigwira ngakhale kamodzi. Khala pansi."

Ejentiyo anakhala.

"Aka kanathyoka patatha masiku asanu. Aka, tsiku lachiwiri la mvula ija. Aka, dzana. Kalikonse kakathyoka ndinkadikira kuti amayi apite kumsika, ndikande simenti, ndimate kena. Ndinkadziuza kuti ndikungokonza ntchito ya mwana. Koma taonani, ndinalemba masiku. Munthu amene amakhulupirira kuti khoma lake lili bwino salemba masiku."

"Abambo, basi, zakwana," anatero akazi awo akulira.

"Sizinakwane, amayi. Ndayamba kugumula, ndigumule mpaka pansi." Anatembenukira kwa anansi. "Inu aphunzitsi, pamene khitchini yanu inang'ambika ndinakuuzani pamaso pa anthu kuti munalemba womanga wotchipa. Ambiri a inu ndinakusekani chimodzimodzi. Tsono imvani za womanga wodula. Chaka chimene ndinkamanga nyumba ino, mvula inabwera msanga, ndipo ngalande ya maziko a mbali ya kumtsinje inkadzaza madzi tsiku lililonse. Amayiwa anali oyembekezera mwana amene waima apayu, ine ndikufuna denga msanga. Ndinakumba kulekeza m'maondo pamene panayenera kulekeza m'chiuno. Ndinakwirira, n'kupaka pulasitala wokongola, ndipo palibe anadziwa. Kabati ija ndinaiika pamene paja ndine, chaka chimene mng'alu unayamba kuoneka."

Anavula chipewa, n'kuyang'ana namwino amene anali atakumbatira ana ake.

"Mayi, ndinamva ana anu akulimbirana malo a kukhoma. Ndinali wokonzeka kuwagoneka pamenepo kuti anthu apitirize kundivulira chipewa mumsewu. Palibe dzina lina la chinthu chimenechi koma kuipa mtima. Ndikhululukireni ngati mungathe. Ngati simungathe, simunalakwe. Nyumbayi musagule kufikira maziko atakonzedwa, ndipo akakonzedwa musamve za ine, mudzamve za woyeza wanuyu."

Kenako anatembenukira kwa Gogoda. Anakweza mawu kuti amene anaima pakhonde amve nawo.

"Mwana uyu anadziwa zonse sabata yatha. Ndinamuopseza kuti ndidzamukana. Mwaona nokha, mwamunyoza pano, mchimwene wake yemwe wamunyoza, koma sananame ndipo sananditchule. Ndamanga nyumba zoposa zana, zina zidzagwa ngati inoyi. Chimene ndinamanga chowongoka ndi ichi chaima apachi, ndipo ndine ndinafuna kuchipinda ndi manja anga."

Gogoda anafuna kulankhula, koma iwo anakweza dzanja.

"Ayi, usandichepetsere mlandu. Lipoti lakolo lili ndi malo pansi? Khala apa ulembe. Lemba kuti kagalasi kanathyoka katatu. Lemba kuti maziko a kumtsinje ndi osaya. Lemba kuti amene anasintha magalasi ndi kubisa mng'alu ndi mwini nyumba, amenenso anaimanga. Usasiye liwu ngakhale limodzi. Ukamaliza undipatse cholembera, ndisaine ndekha anthu onsewa akuona."